Kwa akuluakulu a mzikiti ndi oyendetsa daawa ku Kasungu: ntchito ya pa sikelo musaisandutse nyambo

Assalam alaikum mashehe athu, a komiti, ndi inu nonse amene mumayenda m'midzi ya boma lino kuitanira anthu ku Chisilamu, ntchito imene timaitcha daawa.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera m'nyumba momwe inayambira, koma inatuluka kale, ndipo inatuluka itapindidwa. Ena akuti ndakana kuthandiza m'bale wachisilamu, ena akuti ndalama zandilowa m'mutu, wina mpaka analemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti sadaka yanga ndi yongofuna kuonekera. Ndiye ndati ndilembe poyera, amene anamva mbali imodzi amvenso inayi.

Kwa amene simukundidziwa, ndine uja wogula soya, mtedza ndi chimanga. Bambo anga anachokera ku Nkhotakota kudzagwira ntchito m'maesiteti a fodya, ine ndinabadwira konkuno, ndipo mzikiti umene ndimaswaliramo lero ndinausenzera njerwa ndili mnyamata. Nyengo yogula mbewu ikafika pachimake ndimakhala ndi antchito 14. Asilamu alipo atatu, ine wachinayi. Otsalawo ndi a CCAP, Akatolika, wina wa Seventh Day amene Loweruka sabwera, ndiponso anyamata awiri amene aliyense akudziwa kuti kwawo ndi kudambwe ngakhale iwo sanena.

Munabwera atatu itatha swala ya Asr, mwezi wa May, soya ali mbwee. Munakana mipando, munakhala pa matumba. Titamwa tiyi munayamba ndi kundithokoza pa zomwe ndinapereka pa Ramadhani, ndipo ndinadziwiratu kuti kutsogoloku kuli phiri. Pempho lanu linali lakuti mayi amene amagwira sikelo ndiwachotse, m'malo mwawo ndiikepo mnyamata wa cha ku Chamama amene anatamula shahada, mawu aumboni olowera Chisilamu, mu Ramadhani yomweyo, amene malume ake anamulanda munda atamva kuti walowa Chisilamu. Mmodzi wa inu ananena mawu amene mpaka lero akundilira m'khutu, akuti ndalama za Asilamu zisamadyedwe ndi anthu akunja pamene ana athu akuvutika.

Ndinakana, ndipo ndikukanabe. Koma ndikufuna mumve chimene ndikukana, chifukwa mnyamatayo sindinamukane.

Mwina simudziwa kuti sikelo ndi chiyani pa ntchito ngati yanga. Mlimi akafika ndi matumba ake pa njinga kapena pa ngolo, saona ine, saona chikwangwani, amaona dzanja la amene akuwerenga sikelo. Alimi a kuno anaberedwa mokwanira ndi mavenda a masikelo ofinya, moti thumba la makilogalamu 50 limasanduka 44 iwo akuona. Mayi amene mukuti ndiwachotse agwira ntchito imeneyi zaka 8. Asanakweze thumba amayamba aonetsa mlimi kuti muvi uli pa ziro. Soya amamuluma ndi mano n'kudziwa ngati wauma kapena wangokololedwa dzana. Amabaya thumba pansi penipeni, chifukwa mchenga ndi timiyala sizikhala pamwamba. Akapeza chinyengo sakalipa, amangouza mwini wake kuti, "Bambo, kapeteninso, mubwere mawa." Chaka chatha, powerengera madzulo, anapeza kuti gogo wina wa ku Lisasadzi tamulipira mopereweza makilogalamu atatu. Ine ndinati adzabweranso, tidzamupatsa. Iwo anakana, anakwera kabaza ndi ndalama yawo kukapereka tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo mudzi wonse wa gogoyo umadutsa masikelo anayi panjira kubwera kwa ine. Mayi amenewa ndi a Chigwirizano, Lachinayi masana amapempha maola awiri kupita ku mapemphero awo, ndipo ndimawalola. Ndinene chilungamo, pa nkhani ya muyeso iwo ndi amene andiphunzitsa ine kuopa Mulungu, pamene ine ndi amene ndinaloweza Surat Al-Mutaffifin ku madrasa, sura imene imayamba ndi tsoka kwa opungula miyeso.

Tsono mukuti munthu wotere ndimuuze chiyani? Kuti walakwanji?

Mashehe, inu ndinu aphunzitsi anga, sindingakuphunzitseni Qur'an. Ndingokukumbutsani zomwe munatiphunzitsa nokha. Mu Surat Al-Qasas, ndime 26, mwana wamkazi wa nkhalamba ya ku Madyan pouza bambo ake kuti amulembe ntchito Musa, anapereka zifukwa ziwiri, mphamvu ndi kukhulupirika. Ndipo Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, posamuka ku Makka kupita ku Madina m'chaka cha 622, pamene adani anali kumusaka kuti amuphe, amene anamulemba ganyu yolondolera njira anali Abdullah ibn Urayqit, munthu amene pa nthawiyo sanali Msilamu. Moyo wa Mtumiki ndi wa mnzake wa paulendowo, Abu Bakr, unaikidwa m'manja mwa munthu wachipembedzo china chifukwa ankadziwa njira za m'chipululu ndipo ankasunga chinsinsi. Ine ndalakwa pati poika sikelo ya soya m'manja mwa mayi wa CCAP?

Ndikudziwa yankho lanu, munalinena tsiku lomwelo. Munati mu Surat At-Tawba, ndime 60, pa magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira zakaati pali amene mitima yawo ikufunika kulimbikitsidwa, ndipo mnyamatayu ndi mmodzi wa iwo. Ndikuvomera ndi mtima wonse. Koma ndimeyo ikunena za zakaati, chuma chimene Asilamu atulutsa m'matumba mwawo. Sikunena za malipiro a mayi wamasiye amene akuphunzitsa ana atatu. Ngati tikufuna kumulimbitsa mtima mnyamatayu, tipise m'matumba mwathu. Kupisa m'thumba la munthu wina n'kumati tachita daawa, kumeneko ndiye kuphika nsima ndi ufa wa eni.

Palinso lamulo la dziko, limene ena a inu munaliyesa nkhani yaing'ono. Gawo 20 la Malamulo Aakulu a dziko lino limaletsa tsankho, ndipo chipembedzo chatchulidwamo. Lamulo la ntchito la 2000 limanenanso chimodzimodzi, kuti munthu sachotsedwa ntchito chifukwa cha kumene amapemphera. Mayiwa akanapita ku ofesi ya zantchito pabomapa, nkhani n'kukafika ku khoti la Industrial Relations, woimirira m'bokosi ndikanakhala ine ndekha, komiti ikanakhala ili kunyumba. Koma sindikufuna kubisala kumbuyo kwa lamulo ngati kuti likanapanda kukhalapo ndikanavomera. Chimene chikundiopsa kwambiri ndi masamu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu m'dziko muno ndi 13.8 pa 100 alionse, ndipo ambiri mwa iwo ali ku Mangochi, Machinga, Balaka, Salima ndi Nkhotakota. Kuno ku Kasungu tilipo ochepa, ndipo tonse tikudziwa. Tawerengani ana athu amene ali pa ntchito. Ndi angati amene analembedwa ndi Msilamu mnzawo? Ambiri ali m'masitolo a Akhristu, m'maesiteti, m'sukulu ndi m'zipatala za mishoni, ena akusenza mabelo ku Chinkhoma. Tikayamba ife kunena kuti ntchito ndi ya wa mumpingo mwako, anzathuwo akatengera, amene abwerere kunyumba manja ali m'thumba ndi ana a ndani? Ine ndichotsa mmodzi, iwo achotsa zana.

Ndipo tisaiwale msanga. Mu 2019 ku Balaka kunabuka mkangano waukulu pa nkhani ya atsikana ovala hijabu pa sukulu ya mishoni, sukulu zinatsekedwa, katundu anaonongeka. Zinatenga zokambirana zazitali kudzera ku Public Affairs Committee, kumene Asilamu ndi Akhristu amakhala pa tebulo limodzi, mpaka mgwirizano unasainidwa mu 2021. Pa nthawi yonse ija mfundo yathu inali imodzi, kuti mwana asabwezedwe pakhomo chifukwa cha chipembedzo chake. Tinali olondola. Mwana wanga wamkazi lero amaphunzitsa atavala hijabu, mkulu wa sukulu yake ndi mkulu wa mpingo, ndipo sanamufunsepo kanthu. Mfundo imene tinaimenyera ija sikhala yabwino pokhapokha ikamateteza ife.

Ndisadzionetse ngati mngelo. Usiku umene munabwera uja sindinagone, ndipo ndinafika poganiza njira zochitira zimene munafuna popanda kuoneka. Ndinaganiza zowasamutsira mayiwa kosoka matumba, malipiro n'kutsika, kuti atope okha achoke. Mabwana ambiri amatero, ndipo ndikanatero palibe akanandigwira. Chimene chinandibweza ndi mayi a kunyumba, amene anangondifunsa kuti, "Nanga m'mawa mukawapatsa moni wotani?" Komanso kuzizira kumene kunatsatira kunandipweteka, ndisaname. Munthu amene mwakhala naye phewa ndi phewa pa swala zaka 20 akamakupatsa salamu ya nsonga za zala maso ali kwina, umamva. Pokonza za Idi chaka chino dzina langa silinaitanidwe, ngakhale mbuzi zanga zinalandiridwa. Akazi anga ku taalimu, maphunziro a chipembedzo a amayi, anakhala pa mkeka okha. Palibe amene anandiopseza, palibe amene anatukwana. Koma m'dera limene tilipo ochepa chonchi, kumene amene adzakusambitse ukamwalira ndi anthu omwewo khumi, kungokhala chete kwa abale kumalemera kuposa chindapusa. N'chifukwa chake ndikuti mphamvu imene muli nayo pa ife a mabizinesi ndi yaikulu kuposa mmene mumaganizira, ndipo muziisamala poigwiritsa ntchito. Ndikudziwa anzanga awiri, wa hadiweya ndi wa minibasi, amene anagonja pa pempho ngati lomweli. Winayo kondakitala amene anapatsidwa anamugwetsera bizinesi, koma sangamuchotse chifukwa ndi mphwake wa munthu wamkulu.

Tsopano ndilowe ku daawa yeniyeniyo, chifukwa nkhani ya mnyamatayu yavundukula chimene takhala tikuchiphimba.

Funso limene palibe anafunsa pa matumba paja ndi ili: zinatheka bwanji kuti mnyamata atamule shahada mwezi umodzi, mwezi wotsatira alibe munda, alibe pogona, ndipo njira yokhayo imene komiti yaiona ndi kuchotsa munthu wina ntchito? Amene anapita kumudzi kwawo kukalalikira anadziwa kuti kumeneko ndi kwa Achewa, kumene munda umayenda ndi mbumba, ndipo mwinimbumba ndi malume. Analowa m'mudzi osadzera kwa mfumu. Malume anamva kwa ana kuti mphwawo wasintha dzina, wasiya kudya nyama ya pa maliro, ndipo akuti akadzamwalira asadzaikidwe ndi abale ake. Inuyo mukanakhala malumewo mukanatani? Sindikuti kulanda munda n'kolondola, ayi, n'kulakwa, ndipo gawo 33 la Malamulo Aakulu limamupatsa mnyamatayo ufulu wosankha chipembedzo. Koma mkuluyo sanakane Qur'an, sanaimvepo n'komwe. Anakana kulandidwa mwana ndi alendo amene sanamupatse ngakhale moni. Kwa anthu ambiri kumidzi kuno, munthu akalowa Chisilamu amati walowa Chichawa, ndiye kuti wasiya mtundu wake. Ife m'malo mowaonetsa kuti munthu atha kukhala Mchewa, wa kwa Phiri kapena wa kwa Banda, wolemekeza malume ake, wopita ku maliro a abale ake, n'kukhalanso Msilamu, timachita zinthu zotsimikizira mantha awowo. Timamusintha dzina tsiku lomwelo ngakhale dzina lake lilibe vuto. Ulaliki wa Lachisanu theka ndi Chiarabu, nthabwala za pakhonde ndi Chiyao, mlendoyo amangoti duu pakona, kumwetulira zimene sakumva.

Ndaonanso mmene timawerengera. Alaliki akabwera kuchokera kutauni, lipoti limene amabwerera nalo ndi la manambala ndi zithunzi: atamula shahada angati, tagawa nyama kwa angati. Ndikumvetsa, amene amapereka ndalama amafuna kuona kumene zapita. Koma palibe amene amabwerera patatha miyezi isanu ndi umodzi kukawerenga kuti mwa anthu aja akuswali ndi angati. Pali kamzikiti kena cha kumadzulo kuno, ndikapita kogula mtedza ndimakadutsa. Malata abwinobwino, penti yobiriwira, mjigo pambali. Mjigowo ukugwira ntchito, mudzi wonse ukumwa, Mulungu awalipire amene anaukumba. Koma chitseko chili ndi loko wadzimbiri, pakhonde pamagona mbuzi, chifukwa mwalimu amene anatumizidwako anatha miyezi inayi osalandira kanthu n'kubwerera kwawo. Ndalama ya njerwa imapezeka msanga, ya malipiro a mwalimu ndiye imasowa, poti mwalimu sakongola pa chithunzi.

Za nyama ya Idi ndinene mosapsatira. Kugawira anansi athu onse, Msilamu ndi wosakhala Msilamu, ndi chinthu chokoma, ndipo m'miyezi ya njala anthu amakumbukira amene anawapatsa. Koma ndinaimapo pa mzere wina pamene wogawa ankafunsa anthu mayina, wa dzina lachisilamu kutsogolo, ndipo ndinamva mayi wina akuuza mnzake monong'ona kuti, "Ungonena kuti ndiwe Amina." Anaseka, analandira, anapita. Munthu wanjala anena chilichonse, ndipo sindimuweruza. Amene ndikumufunsa ndi ife: tapindula Msilamu pamenepo, kapena taphunzitsa mudzi kuti chipembedzo chathu chili ndi mtengo wake pa kilogalamu? Ndime 256 ya Surat Al-Baqara imati palibe kukakamiza pa chipembedzo. Ndodo si yokhayo imene imakakamiza. Njala imakakamiza, ulova umakakamizanso, ndipo ntchito ikakhala mphotho ya shahada, anyamata onse osowa chochita pa Kasungu adzabwera kudzatamula, ife n'kumaombera m'manja manambala.

Za mitsutso ya pamsika ndingodutsapo. Zimkuzamawu, Baibulo m'dzanja ili Qur'an m'dzanja ilo, anthu kukuwa ngati ku mpira. Olalikirawo dzuwa likamalowa amakwera galimoto kubwerera ku Lilongwe. Amene timatsala ndi anansi okwiya ndi ife, amene mawa lake tikagule tomato kwa mayi yemwe mpingo wake unanyozedwa dzulo. Surat An-Nahl, ndime 125, imati tiitanire mwanzeru ndi ulaliki wabwino, ndipo tikatsutsana titsutsane m'njira yabwino koposa. Ine sindinaonepo munthu amene analowa Chisilamu chifukwa abusa ake anachititsidwa manyazi pamsika.

Ngati komiti ikufuna kulowerera pa nkhani za kuntchito, ntchito ilipo yambiri, ndipo ndidzakhala woyamba kuperekeza. Pali alonda ndi anyamata a m'masitolo amene abwana awo sawalola ola limodzi Lachisanu kuti akaswali Juma. Pali atsikana amene amauzidwa kuvula mpango pofunsira ntchito. Pitani kwa mabwana amenewo mwaulemu, pitani ku bungwe la abusa a pabomapa, mukapemphe. Koma mukapita mutanyamula mbiri yakuti Asilamu a Kasungu amachotsa Akhristu ntchito, adzakulandirani ndi nkhope yotani? Ine Lachisanu ndimachoka 12 koloko kupita ku mzikiti ndi anyamata anga atatu, monga Surat Al-Jumu'a ikulamulira kuti kuitana kukamveka tisiye malonda. Amene amatsala ndi makiyi, kukhazika alimi pamthunzi ndi kuwauza kuti abwana akupemphera abwera posachedwa, ndi mayi omwe aja. Tsiku lina wogula wina wochokera kutali anadandaula kuti sitolo za Achawa n'zovuta, iwo anamuyankha kuti, "Inu Lamulungu mumatsegula?" Swala yanga ya Juma zaka zonsezi yakhala ikutetezedwa ndi mayi wa Chigwirizano.

Pemphani kwa ife a mabizinesi zinthu zimene zili zathu kupereka. Tiuzeni kuti pakufunika thumba la ndalama losamalira olowa kumene, la chakudya, la lendi ya miyezi ingapo, la kuphunzira ntchito yamanja, ndipo ndalamazo zizilembedwa m'buku limene aliyense angalione. Tiuzeni kuti mwalimu wa kumudzi azilandira mwezi ndi mwezi, tigawane. Tifunseninso ngati antchito athu timawalipira thukuta lisanaume, chifukwa pamenepo ambiri tili ndi mlandu, ine ndemwe, amanyamula anga chaka chatha anadikira masabata awiri pamene kampani yogula soya inachedwa kundilipira. Zimenezo ndiye mutidzudzule nazo pa mimbari polalikira mu mzikiti. Koma za amene akhale pa sikelo, amene ayendetse galimoto, amene asunge makiyi, musiyireni amene adzayankhe zikasokonekera.

Mnyamata uja ali kwa ine, kwa amene sanamve. Anayamba sabata yotsatira, kusoka ndi kusanja matumba, malipiro ofanana ndi anzake. Amagona m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yanga. Ndi wakhama, koma masamu amamuvuta, anasiyira Sitandade 6. Madzulo alimi akatha, mayi aja amamuitana pa sikelo, kumuonetsa kuchotsera kulemera kwa thumba ndi kulemba risiti. Sindinawatume, anangoyamba okha. Akuti pofika nyengo ya mawa adzatha kugwira sikelo yachiwiri imene ndikufuna kukaika ku Santhe.

Chatsala ndi munda wake, ndipo mvula sidikira. Ndinatumiza uthenga kwa a mfumu a kwawo kudzera mwa mlimi wina amene amandigulitsa mtedza, ndipo ayankha kuti malume avomera kukhala pansi Loweruka likudzali, bola abwere akuluakulu, asabwere anyamata a zimkuzamawu. Ndikupempha shehe mmodzi ndi a komiti awiri. Tikapepese polowa m'mudzi osagogoda, tikawatsimikizire kuti mphwawo adzapitabe ku maliro ndi ku milandu ya pabanja, kenako tikapemphe mundawo. Galimoto ndi mafuta ndi zanga, shuga ndi nkhuku yopita nayo kwa a mfumu ndagula kale. Tinyamuke ikangotha swala ya m'bandakucha ya Fajr, msewu wa ku Chamama ndi woipa.

Wassalam,
M'bale wanu wogula mbewu, Kasungu